Chithunzi chakale cha agogo chasuluka: mupite nacho kuti, nanga chatsopano mujambulitse bwanji?

Ambirife chithunzi chakale timachikumbuka pakagwa zovuta. Uthenga wafika usiku, kukucha achinyamata akufuna nkhope yoika pa pulogalamu ya maliro, ndiye muone anthu akukhuthula masutikesi, kufunyulula zitenje, kusanthula m'Baibulo, mpaka kutulukira kachithunzi kamodzi kodyedwa ndi mphemvu m'mphepete. Kwathu sizinali za maliro koma za chiliza cha agogo aakazi. Tinali ndi chithunzi chawo chimodzi chokha, chopanda mtundu, chaching'ono ngati chikhatho cha mwana. Akhala pampando wamatabwa, duku pamutu, manja pamaondo, ndipo ukayang'anitsitsa umaona mphini zitatu patsaya lililonse. Mzere wopindika unadutsa pakati penipeni pa chifuwa, ndipo kona imodzi inali itathothoka.

Mphwanga anachijambula ndi foni, n'kuchilowetsa mu apu ina yokonza nkhope. Mphindi imodzi isanathe panatuluka mayi wosalala, woyererako, wa maso owala. Tonse achinyamata tinaomba m'manja. Titakawaonetsa azakhali, anagwira foniyo nthawi yaitali, kenako anaibweza. "Iwe, amenewa ndi ndani? Mayi anga anali ndi mphini." Apu ija inaziyesa zokandika za papepala, n'kuzifufuta zonse.

Kuchokera tsiku limenelo ndayesa njira zingapo, zina pa zithunzi zathu, zina pa za anzanga, ndipo ndaona kuti iliyonse ili ndi pamene imathandiza ndi pamene imaononga.

Musanasankhe njira iliyonse

Pepala lenilenilo musalikonze. Kukonza konse kuchitike pa kope la pakompyuta, loyambalo likhale mmene lilili. Chimene chapha zithunzi zambiri m'makomo mwathu si chiswe chokha, koma chikondi chathu chomwe. Timapita nacho ku sitolo ya zosindikiza kukachimata pulasitiki ya lamineti poganiza kuti tachiteteza. Makina aja amagwiritsa ntchito kutentha ndi zomatira, ndipo pulasitiki ikagwira siichokanso osasenda nkhope. Selotepu nayo pakapita zaka imasanduka yachikasu n'kusiya banga losachoka. Bolopeni yolembera kumbuyo imadinda mpaka kutsogolo. Ngati chithunzi chamatirira pagalasi la felemu chifukwa cha chinyezi, musachikanganule; chijambuleni kapena chipangeni sikani chili pagalasi pomwepo.

Zithunzi zakalezi pamwamba pake pali kachikuto ka jelatini, momwe muli chithunzi chenichenicho. N'chifukwa chake mphemvu zimachikonda, ndipo nthawi ya dzinja chuku chimamerapo ngati pa nsima yogona. Chithunzi chachuku chipatuleni kwa zinzake, chiumitseni pamthunzi popita mphepo, ndipo musachipukute ndi nsalu yonyowa. Amene nyumba zawo zinalowa madzi, monga zinachitikira ku Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe nthawi ya namondwe Freddy mu Marichi 2023, akudziwa kuti zithunzi zonyowa zikaumira pamodzi zimasanduka chibuma chimodzi. Zikanyowa ndi matope, zitsukuluzeni pang'onopang'ono m'madzi oyera ozizira osakhudza pankhope, n'kuziyanika chimodzichimodzi chagada, osati padzuwa.

Kuchilowetsa mu kompyuta: foni kapena sikana

Foni ndiyo ili pafupi, ndipo kumudzi nthawi zambiri ndiyo njira yokhayo, makamaka eni chithunzi akakana kuti chichoke pakhomo. Akakana musawaumirize, zambiri zinapita m'tauni "kukakulitsidwa" osabwereranso. Foni imagwira ntchito ndithu ngati mwadekha. Tulukani nacho pakhonde pamene pali kuwala koma dzuwa silikufika, chigonekeni pansalu yakuda, pukutani diso la kamera, zimitsani fulashi, ndipo foni ilunjike pamwamba pake ndendende, osapendekeka. Mukapendeketsa, mutu umatalika kapena mapewa amakula. Vuto lalikulu la foni ndi kunyezimira, makamaka pa zithunzi zosalala kapena za m'galasi. Pamenepo imathandiza apu ya Google PhotoScan, imene inatuluka mu 2016: imakuonetsani timadontho tinayi, inu mumasuntha foni pa kalikonse, kenako imaphatikiza zonsezo n'kuchotsa kuwala konyezimira.

Sikana imaposa foni pa chinthu chimodzi chachikulu, kuti imatola tinthu ting'onoting'ono tonse mofanana kuyambira pakona mpaka pakona. Koma m'masitolo ambiri makinawo amakhala atatcheredwa kuti azijambula masatifiketi ndi makalata, ndiye mukangopereka chithunzi osanena kanthu, adzakupatsani PDF yosaoneka bwino. Muwauze kuti mukufuna 600 dpi (ndiye kuti timadontho 600 pa inchi iliyonse), yamtundu ngakhale chithunzicho chikhale chopanda mtundu, ndipo azimitse zonse zokonza zokha. Nambala imeneyi ili ndi chifukwa chake. Chithunzi cha masentimita 10 ndi 15 chikajambulidwa pa 600 dpi chimatha kutsukidwa kukula ngati pepala la A4 chikuonekabe bwino. Kachithunzi ka pa chiphaso, ka masentimita 3.5 ndi 4.5, kamafuna 1200 dpi kuti kafike pafupifupi masentimita 14 ndi 18. Ndanena za ziphaso chifukwa mabanja ambiri amene abambo awo anapita ku Wenela kapena ku TEBA, nkhope yokhayo imene anatsala nayo ili pa chiphaso chantchito, mwina pali ndi chidindo pamphumi. Jambulitsaninso kumbuyo kwake, pakuti kumeneko kumapezeka chidindo cha situdiyo, tsiku, kapena mawu awiri atatu olembera mkazi kumudzi.

Fayilo ikhale TIFF, mtundu wosunga chithunzi osachepetsa kanthu, ngati angathe, apo ayi JPEG yosachepetsa, ndipo muitenge pa fulashi yanu. Akati akutumizireni pa WhatsApp, atumize ngati "document", chifukwa ikatumizidwa ngati chithunzi wamba imafinyidwa, ntchito yonse ija n'kupita pachabe. Za pa Facebook n'chimodzimodzi. Musachoke pakauntala chithunzi chanu chisanabwerere m'manja mwanu.

Ngati m'sutikesi muli manegetivi, timapulasitiki tofiirira tija tinkabwera mu envulopu pamodzi ndi zithunzi, musataye. Negetivi imasunga zambiri kuposa pepala, ngakhale kuti opanga sikani yake ndi ochepa ndipo muyenera kufunsafunsa m'masitudiyo akuluakulu.

Kukonza: apu, katswiri, kapena manja anu

Apa ndiye pagona nkhani. Maapu monga Remini kapena zida za MyHeritage ndi zachangu, zina zaulere pang'ono, ndipo zotsatira zake zimadolola maso. Koma muyenera kudziwa mmene zimagwirira ntchito. Apu siibwezeretsa zimene zinatayika, chifukwa siinawaonepo agogo anu. Inaphunzitsidwa ndi nkhope zambirimbiri za anthu ena, ndiye ikafika pamene pafufutika imangoikapo diso, mphuno kapena mano amene ikuganiza kuti akuyenera kukhalapo. Chithunzi chikakhala chosaoneka kwambiri, apu imapekanso kwambiri. Ndiponso nkhope zimene mapulogalamu ambiri anaphunzirira si za kuno. Mu 2020 munthu wina analowetsa chithunzi chosaoneka bwino cha Barack Obama mu pulogalamu yotchedwa PULSE, yopangidwa ndi ofufuza a ku Duke University ku America, ndipo inatulutsa nkhope ya mzungu. Mapulogalamu apita patsogolo kuchokera nthawi imeneyo, koma mpaka lero ndimaona khungu likuyeretsedwa, mphuno ikuchepetsedwa, mpata wa mano ukutsekedwa. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Sindikunena kuti apu ndi yachabe. Pa chithunzi chimene nkhope ikuoneka kale bwino, chongosuluka mtundu kapena chokhala ndi timadontho ta fumbi, imathandiza. Pa chithunzi cha gulu, monga cha ukwati kapena cha kwaya, ndimaiopa kwambiri: nkhope za kumbuyo zimakhala zazing'ono, ndiye onse amatuluka ofanana ngati obadwa bere limodzi. Kumbukiraninso kuti maapu ambiri amatumiza chithunzicho ku makompyuta a kampani yake kunja, amadya bandulo, ndipo ena akangokulawitsani amayamba kudula ndalama sabata ndi sabata.

Katswiri wokonza pamanja, wa pulogalamu ya pakompyuta ya Photoshop, ndiye njira imene ndimaikhulupirira pa chithunzi chimene banja lili nacho chimodzi chokha. Iye amakulitsa chithunzi pakompyuta n'kumatseka mng'alu pang'onopang'ono, kutenga kachigamba ka jekete pafupi n'kukaika pamene pang'ambika, kubwezera mtundu umene wapendekera kofiira. Zithunzi zamtundu za m'ma 1970 ndi 1980 zimafiira chifukwa utoto wake utatu susuluka mofanana, wobiriwira mwabuluu umayamba kutha, ndipo limeneli ndi vuto limene munthu wodziwa amalikonza mosavuta. Ntchito yake imatenga maola, nthawi zina masiku, ndipo mtengo umakwera malinga ndi pamene paonongeka: kona yothothoka si kanthu, koma mng'alu wodutsa padiso ndi nkhani ina. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Koma chenjerani, si aliyense wolemba kuti "timakonza zithunzi zakale" amene amakonzadi. Ena amalandira ndalama za katswiri n'kukalowetsa mu apu yomwe ija muli nayo pafoni. Apempheni akuonetseni ntchito zawo zakale, choyamba ndi chokonzedwa, n'kuyang'ana khungu. Likakhala losalala ngati chidole pamene malaya akadali osaoneka bwino, dziwani kuti yagwira ndi apu. Muwauziretu zimene sayenera kukhudza: mphini, chipsera, mano, khungu. Mugwirizane kuti muone kaye musanatsukitse, ndipo woona akhale munthu amene anawadziwa malemuwo ndi maso. Ife achinyamata timaona kukongola. Azakhali amaona mayi awo.

Pali chizolowezi china chimene chimandiwawa, chochotsa zonse za kumbuyo n'kuikapo mitambo, maluwa kapena nyumba yachilendo, ngakhale kuwaveka agogo suti imene sanavalepo. Zinthu za kumbuyozo ndi mbiri. Wailesi imene munthu waigwira monyadira, njinga, nsalu yopakidwa mapiri ya mu situdiyo, nkhokwe yoonekera pakona, zonsezo zimanena za nthawi yake. Taganizirani chithunzi cha 1914 cha John Chilembwe ali ndi mmishonale John Chorley pa tchalitchi chake ku Mbombwe. Chilembwe wavala chipewa pamaso pa mzungu, pa nthawi imene Mwafrika ankayenera kuvula. Chipewa chimenecho n'chimene Samson Kambalu anamangapo chosema chake chimene chinaimikidwa ku Trafalgar Square ku London mu 2022. Wokonza akanati chipewa chikuphimba nkhope n'kuchichotsa, tikanataya nkhani yonse.

Kukonza nokha n'kotheka ngati vuto ndi laling'ono. Snapseed pafoni, kapena GIMP pakompyuta, zonse ndi zaulere, ndipo zimakwanitsa kuwalitsa, kuwongola ndi kufufuta timadontho. Gwirani pa kope, osati pa fayilo yoyamba, chifukwa JPEG imachepa mphamvu nthawi iliyonse mukaikonza n'kuisunganso. Palinso ojambula pamanja, a pensulo kapena penti, amene amatha kutenga kachithunzi koonongekeratu n'kujambula chachikulu chopachika pakhoma. Njira imeneyi ndimailemekeza pa chifukwa chimodzi: aliyense woona amadziwa kuti ndi dzanja la munthu, palibe amene anamizidwa.

Za kupaka mtundu chithunzi chopanda mtundu, yankho langa ndi lalifupi. Kompyuta singadziwe ngati chitenje chinali chofiira kapena chobiriwira, imangolota. Ngati mukufuna, chitani, koma funsani akuluakulu mtundu weniweni, ndipo sungani chopanda mtunducho pambali.

Ife tinatha bwanji? Tinapanga sikani ya 1200 dpi, mnyamata wina wodekha anatseka mzere wa pachifuwa ndi kona ija, nkhope sanaikhudze kupatula kuiwalitsa pang'ono. Sichakuthwa ngati cha apu, koma mphini zonse zisanu ndi imodzi zilipo.

Potsukitsa, pitani ku labu ya zithunzi, osati pa pulinta ya inki ya muofesi pa pepala wamba, chifukwa zoterozo zimasuluka msanga. Pakhoma pachikani kopelo. Loyambalo lilowe mu envulopu ya pepala, m'bokosi louma, pamwamba, kutali ndi khoma lonyowa ndi denga lamalata lotentha. Maalubamu omata aja, okhala ndi kapulasitiki kokanganula, asiyeni. Fayilo igawidwe kwa abale atatu kapena anayi, wina wa ku Lilongwe, wina wa ku Joni, kuti foni imodzi ikabedwa zisathere pomwepo.

Chatsopano: situdiyo, kuitana wojambula, kapena foni

Mavuto onsewa anandiphunzitsa kuyang'ana akuluakulu amene tikadali nawo. M'mafoni mwathu muli zithunzi mazana za ana ndi za maphwando, koma fufuzani cha amalume kapena cha agogo chimene mungakulitse, mupeza ali pakona, akutafuna, theka la nkhope kulibe.

Situdiyo ili ndi ubwino wa magetsi ake, mvula kapena dzuwa zilibe kanthu, ndipo mumatuluka ndi chithunzi tsiku lomwelo kapena mawa lake. Ndi yabwino kwa omaliza maphunziro, kwa a chinkhoswe, kwa wofuna chithunzi chantchito. Koma nkhalamba mukaikweza minibasi maola awiri, n'kuiika pansi pa magetsi pamaso pa mlendo, imauma thupi ngati ili ku polisi. Masitudiyo ambiri amakondanso kusalaza khungu mpaka makwinya onse kutha, choncho nenani musanayambe kuti simukufuna zimenezo.

Kuitana wojambula kunyumba kumadula, chifukwa mumalipiranso ulendo wake, koma kwa okalamba ndiyo njira imene ndingasankhe. Munthu ali pakhonde pake, pampando wake, zidzukulu zikuyendayenda, nkhope imamasuka yokha. Gwirizanani zonse poyamba: zithunzi zingati zotsuka, zazikulu bwanji, zidzatuluka liti, ndipo makamaka ngati adzakupatsani mafayilo athunthu opanda dzina lake pakati. Ambiri amakangana pamenepa ntchito itatha kale. Funsaninso ngati akufuna kuziika pa tsamba lake, chifukwa si agogo onse amene angakondwe kumva kuti ali pa intaneti.

Foni yabwino m'manja mwa munthu wodekha imaposa kamera yodula m'manja mwa wopupuluma. Zimitsani zosalaza nkhope zonse. Musayandikire kwambiri, chifukwa diso la foni likayandikira limakulitsa mphuno ndi chipumi. Bwererani m'mbuyo masitepe angapo n'kugwiritsa ntchito 2x, batani lokulitsa kawiri, ngati lilipo. Ngati munthuyo wakhala pansi, inunso gwadani kuti foni ifanane ndi maso ake.

Njira iliyonse mungasankhe, kuwala ndiye mwini nkhani. Dzuwa la pamutu limasandutsa maso kukhala maenje akuda ndipo munthu amatsinzina. Jambulani m'mawa dzuwa lisanakwere, kapena kuyambira cha m'ma 4 koloko madzulo. Pansi pa mtengo wa mango pamaoneka pabwino, koma masamba amagwetsa mawangamawanga pankhope; pakhonde kapena pakhomo, munthu atayang'ana kunja, pamaposa. Khungu lathu lili ndi nkhani yakeyake ndi makamera. Mafilimu amtundu akale a Kodak ankayesedwa ndi khadi lokhala ndi nkhope ya mayi wachizungu, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene m'zithunzi zambiri zakale timaoneka mano ndi maso okha. Makamera a lero ndi abwinoko, komabe mukaimika munthu wakuda patsogolo pa khoma loyera kapena thambo lowala, kamera imatsata kuwalako nkhope n'kuda bii. Zimavutanso ndi yunifolomu yoyera, monga ya amayi a Mvano, imene ambiri amafuna kujambulitsa atavala. Musawaletse, ndi ulemu wawo. Ingowaikani pamthunzi, kumbuyo kukhale koderako, ndipo dinani pankhope pa sikirini kuti foni iyeze kuwala pamenepo.

Zovala asankhe okha, koma zichapidwe ndi kusitidwa dzulo lake. Chitenje cha maluwa akuluakulu chimatuluka bwino. Malaya a timizere ting'onoting'ono amavina pa kamera. Ngati ndi banja lonse, simukuyenera kusoketsa yunifolomu, bola mitundu isalimbane, ndipo ma T-shirt a zipani kapena a makampani akhale m'nyumba tsiku limenelo. Mafuta odzola achepe pachipumi ndi pamphuno chifukwa amanyezimira. Wometa amete masiku awiri zisanachitike, woluka aluke dzana kuti nkhope isakhale yokokeka. Wovala mandala asavule, pakuti ndi mmene timawadziwira. Aweramitse mutu pang'ono chabe kuti galasi lisawale.

Akuluakulu ambiri saseka pa chithunzi. Anakula chithunzi chili chinthu chaulemu, cholipira, chosaseweretsa. Musawakakamize. Jambulani chaulemucho kaye, kenako pitirizani kucheza foni ili m'manja. Ine ndimafunsa za kale: "Agogo, paja munati agogo aamuna anakupezani kuti?" Pamenepo nkhope imasintha yokha, ndipo mumajambula kasanu, kakhumi, osalengeza. Tengani cha nkhope yokha, cha thupi lonse, cha manja, ndi china ali ndi ana awo onse amene alipo. Ngati pali chithunzi chawo chakale, achigwire m'manja muwajambule nacho.

Tsiku lomwelo, anthu asanabalalike, tulutsani zithunzi zakale zija za m'sutikesi, mukhale nawo pamphasa. Afunseni mmodzimmodzi: uyu ndani, uyu wa kumanzereyu anali mwana wa yani, kunali kuti, chaka chanji. Lembani ndi pensulo yofewa kumbuyo, m'mphepete, osadinikiza, kapena pa kapepala kapadera ngati pensulo ikuterera. Titachita zimenezi ndi azakhali, pa chithunzi cha ukwati cha anthu 14 anatchula mayina 11, ndipo atatu otsalawo anati tikafunse amalume ku Ntcheu mwezi uno usanathe.